Kodi njoka imene akuti pine snake ija iliko ku Chikangawa?

Wamatabwa_Chibavi

Moni akuluakulu, ndili ndi funso koma musandiseke chonde. Ine geni yanga ndi ya matabwa, ndimakapikula ku Chikangawa nkumagulitsa kuno ku Mzuzu. Lachinayi lapitali tikukweza matabwa mu lole, anyamata atangotukula thabwa la pansi penipeni pa mulu panali chinjoka chitadzipinda, chonenepa ngati mkono wanga koma osatalika kwambiri mwina mita imodzi osakwana, chamawangamawanga, ndiye phokoso lake eee, fuuuuu ngati tayala labooka pa msomali. Anyamata onse balala, wina anasiya silipasi imodzi pomwepo mpaka lero sanakaitenge kkkk. Sitinachiphe, chinangochoka chokha pang'onopang'ono kulowa m'maudzu osathamanga nkomwe ngati malowo ndi a bambo ake.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera ana, ndiye mnyamata wanga wa Fomu 3 watenga foni nkundionetsa vidiyo ya njoka yotchedwa pine snake, akuti imakhala m'nkhalango za paini, ili ndi mawanga, imachita phokoso lomwelo, ndipo ilibe ululu moti mzungu wa mu vidiyomo amaigwira ndi manja. Mwanayo akuti adadi imene munaonayo ndi yomweyi poti Chikangawa yonse ndi paini, tsiku lina mudzanditenge ndikaigwire. Ine mtima sukundilola. Amene mumazitsata za njoka tandiuzeni, njoka imeneyi iliko kuno? Kapena inabwera limodzi ndi mitengoyi poti paini naye si wa kuno?

Kabaza_wa_Zolozolo

Kkkkk bwana musamutenge mwanayo, fizi mwalipira kale ya temu ino. Njoka ya mu vidiyo sikuluma, ya pansi pa thabwa imaluma.

Mphunzitsi_Katoto

Achimwene a matabwa, choyamba mumuuze mwanayo asayerekeze dala. Zimene mwafotokozazi, kunenepa, kufupika, kuchita fuuu, kenako kuchoka mwaulesi osathawa, ameneyo ndi mphiri, anzathu kuno amati chipiri, ndipo anyamata anuwo anachita mwayi kuti dzanja silinafike pafupi chifukwa mphiri pa kuyenda ndi waulesi koma pa kujompha palibe amene angamuone.

Pine snake kuno kulibe, mu Africa monse mulibe kupatula zimene anthu amaweta m'magalasi. Kwawo ndi ku United States, mbali ya kumwera chakum'mawa, madera ngati Florida, Georgia, Alabama, North Carolina ndi South Carolina, kenako pali kagulu kena kamene kanatsalira patali kumpoto ku New Jersey, dera lotchedwa Pine Barrens. Dzina lake la sayansi ndi Pituophis melanoleucus, mawu achiwiriwo ndi a Chigiriki kutanthauza chakuda ndi choyera, analipereka ndi Mfalansa wina François Daudin mu 1803. Zoti inabwera ndi mitengo ayi, paini wochuluka ku Chikangawa ndi Pinus patula ndipo kwawo ndi ku Mexico, anabwera ngati njere, ndiye mu paketi ya njere dzira la njoka lingabisale pati.

Koma mwana wanuyo sindikumunyoza, wasokonezeka ndi dzina, ndipo dzinali limasokoneza anthu ambiri. Ukamva pine snake umaganiza njoka yokhala mu mtengo ngati nalikukuti. Ayi ndithu. Njokayi moyo wake wambiri uli pansi pa nthaka, chimene imafuna kwenikweni ndi mchenga wofewa wosasunga madzi umene ingathe kukumba, zangochitika kuti kwawoko mchenga wotere ndi umene pamamera paini. Mukaiyang'ana mutu mudzaona kuti ndi waung'ono poyerekeza ndi thupi, wosongoka, ndipo pa nsonga ya mphuno pali limodzi la mamba ake, ndikunena mamba a pakhungu osati mamba njoka ija, lalikulu lolimba lopindikira m'mwamba pakati pa mphuno, limenelo ndiye khasu lake. Imabaya mchenga ndi mphunoyo, nkupinda khosi ngati ngowe, nkukokera mchengawo kunja. Mphiri wanu uja mutu wake ndi wotambalala wa ngodya zitatu, khosi lowonda, kusiyana kwake kuli poyera. Kutalikanso, pine snake yaikulu imakhala mita 1.2 mpaka 1.7, zina kupitirira mamita 2, yaitali yoongoka osati chidule chonenepa chija.

Za phokoso ndi pamene zimafananadi. Pine snake ili m'gulu la njoka zaphokoso kwambiri ku America konse, pakhomo pa kholingo lake pali kachichereche koima ngati kampeni, mpweya ukamatuluka mwamphamvu umagawika pamenepo, ngati mmene tinkachitira tili ana kuika tsamba la udzu pakati pa zala zazikulu nkumaimba. Ikaopsezedwa imadzikweza, kudzifufumitsa, kuchita phokosolo, komanso kunjenjemeretsa mchira m'masamba ouma kuti imveke ngati rattlesnake, njoka yaululu ya kwawoko imene ili ndi tinthu ngati maseche ku mchira. Zonsezo ndi zoopseza chabe, ululu ilibe, ngakhale ikakuluma mano ake amatulutsa magazi ndithu. Zomvetsa chisoni nzakuti chinyengo chomwecho ndi chimene chimaiphetsa, munthu akamva maseche safunsanso, amangotenga fosholo. Mphiri yekha akamati fuuu sakunamiza munthu.

Amake_Chiso_Mchengautuwa

Aphunzitsi mwati imakonda mchenga? Ndiye ife a ku Mchengautuwa tisamuke eti, dzina lenilenilo likuitana kkkk. Koma funso langa ndi lakuti pansipo imadyamo chani, dothi? Ine vuto langa ndi mfuko, wandithera mbatata ndi chinangwa ku dimba, ukamazula umangopeza masamba okhaokha pansi palibe kanthu. Ngati pali njoka yopanda ululu yodya zinthu za pansi ine ndingaitanitse ndithu.

Mphunzitsi_Katoto

Mayi mwalasa penipeni, chifukwa chakudya chake chachikulu m'madera a kumwera ndi kanyama kofanana kwambiri ndi mfuko wanuyo, amati pocket gopher. Kamakumba misewu pansi nkumadya mizu, kali ndi matumba m'masaya osungiramo chakudya ngati bwampini, dzina loti pocket likuchokera pamenepo. Njokayi imaboola mulu wa dothi umene kanyamako katsekera pakhomo, nkulowa mu unamo. Tsono mu una mulibe malo oti izinge nyama nkuifinya ngati mmene imachitira nsato, ndiye imangopinda thupi nkukanikizira kanyamako ku khoma la una mpaka katha. Ikakhuta nyumbayo yasanduka yake, imagonamo, kubisalamo dzuwa, kubisalamo moto. Panja imadyanso mbewa, tiana ta akalulu, mbalame zoikira pansi ndi mazira ake, ndiye nkhuku zanu zachikuda zija sizingasangalale nayo.

Kuitanitsa musavutike, ifenso tili nayo yathu yogwira ntchito yomweyo ngakhale si pachibale, azungu amati mole snake, imapezeka m'malo okwera a udzu ngati ku Nyika. Nayonso mutu waung'ono wosongoka, ilibe ululu koma kuluma kwake kumang'amba, ndipo imalowa mu una kutsata mfuko. Kusiyana kwake nkwakuti yathuyi imabereka ana amoyo pomwe pine snake imaikira mazira.

Ndipo nkhani ya mazirayi ndi imene ine imandisangalatsa kuposa zonse, ndiloleni nditalikitse pang'ono. Njoka zambiri zoikira mazira ndi zaulesi, zimangofuna chiphanga cha chitsa chowola, mulu wa zinyalala kapena una wa nyama ina nkuikiramo. Pine snake za ku New Jersey zazikazi zimakumba zokha. Mu June ndi July, nthawi imene ife kuno ku Mzuzu tikunjenjemera ndi chisanu ndi kamvula kosatha kaja iwo kuli kotentha, yaikazi imasankha malo a mchenga a poyera pamene dzuwa limawomba bwino popanda mthunzi, nkuyamba kukumba ngalande ndi mphuno ija, ntchito ya masiku angapo, ngalandeyo imatha kutalika mita kapena kuposa, kumapeto kwake nkukonza kachipinda. Pakhomo pamatsala mulu wa mchenga umene odziwa akangouona amazindikira kuti apa pali chisa. Mazira amakhala pakati pa 3 ndi 24, akuluakulu, oyera, chikamba chake chofewa ngati chikopa, ndipo amamatirirana pamodzi. Ikaikira imachoka, siifungatira, ntchito yotenthetsa imasiyira mchenga ndi dzuwa, pakatha miyezi iwiri ndi masabata pang'ono tiana timaswa tili kale totalika ngati rula ya 30 sentimita kapena kuposerapo, tikudziwa kale kuchita fuuu. Nthawi zina zazikazi zingapo zimaikira m'ngalande imodzi, ndipo zimabwerera malo omwewo chaka ndi chaka.

Izi zinadziwika bwino chifukwa cha mayi wina pulofesa wa pa Rutgers University, Joanna Burger, amene pamodzi ndi mnzake Robert Zappalorti akhala akutsatira njoka za ku Pine Barrens kwa zaka zoposa 30, kuziika zizindikiro, kufukula malo amene zimagona nyengo yozizira nkuwakonzanso. Chifukwa kumeneko kuzizira si kwa Mzuzu kuno kumene timangovala juzi ziwiri basi, kumagwa chipale chofewa, ndiye njokazi zimalowa pansi cha mu October kapena November nkudzatuluka cha mu March kapena April, miyezi yonseyo osadya kanthu, zingapo malo amodzi, nthawi zina pamodzi ndi njoka za mitundu ina. Mayiyu anapezanso kuti kutentha kwa chisa kumakhudza khalidwe la ana, oswa pa malo ozizira amakhala ofooka, ochedwa kuthawa adani. Ndiye taganizani mitengo ikakula nkutseka dzuwa pa malo oikira paja.

Forestry_Luwinga

Aphunzitsi mwandisiyira poyambira pabwino. Ine ndinaphunzira za nkhalango pa Mzuni, njoka sindimazikonda olo pang'ono, koma nkhalango imene njokayi imakhala tinaiwerengako ndipo ndikufuna bambo a matabwa amvetse kuti paini ndi paini zimasiyana.

Chikangawa ndi munda wa mitengo. Inadzalidwa kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1960, mahekitala pafupifupi 53,000, cholinga chinali choti idzidyetsa fakitale yopanga zopangira mapepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche, fakitaleyo siinamangidwe ndiye mitengo inasanduka ya matabwa amene mukugulitsawo. Mitengo ili m'mizere, yothithikana, mukalowa mu kompatimenti (chigawo cha mundawo) yokhwima pansi ndi mdima, singano za paini zokhazokha zaunjikana, udzu wochepa, dothi lofiira lonyowa. Pine snake mutaitula mmenemo ingavutike, mchenga palibe, dzuwa silifika pansi.

Kwawo kuja nkhalango yake yeniyeni ndi ya paini wotchedwa longleaf, Pinus palustris, ndipo kaonekedwe kake kali pafupi ndi tchire lathu la miombo kusiyana ndi Chikangawa, mitengo yotalikirana, dzuwa likufika pansi, udzu ndi zitsamba zambirimbiri. Chimene chimaisunga chonchi ndi moto. Inde moto, womwewo umene ife ku Chikangawa timalira nawo chaka chilichonse osaka mbewa ndi okwiya akayatsa. Kumeneko ziphaliwali komanso eni nthaka akale ankayatsa moto pakapita zaka ziwiri zitatu, moto wa pansi wongodutsa mu udzu, ndipo longleaf anazolowera, ali wamng'ono amakhala zaka zingapo akuoneka ngati chitsamba cha udzu kwinaku akuzamitsa muzu, nsonga yake itatetezedwa ndi singano zowirira, kenako amathamanga kukula kamodzinkamodzi kupitirira msinkhu wa malawi. Patula wathu wamng'ono moto ukadutsa ndiye kwatha, mwataya zaka.

Nkhalango imeneyi kale inali mahekitala pafupifupi 36 miliyoni, ndiye kuti Malawi yense katatu. Anaidula chifukwa cha matabwa, utomoni, minda ndi matauni, pofika zaka za m'ma 1990 inatsala pafupifupi 3 peresenti yokha. Kumene anadzalanso anaikako paini wokula msanga mothithikana, chimodzimodzi Chikangawa, nkuletsanso moto kwa zaka zambiri poganiza kuti akuteteza nkhalango. Mapeto ake mthunzi unapha udzu, udzu utatha tinyama todya mizu tija tinasowa chakudya, tinyama titasowa njoka inasowa chakudya ndi nyumba yomwe. Mtundu wakuda wa njokayi, black pine snake wa ku Mississippi ndi Alabama, boma la America linauika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pa chiopsezo mu 2015, ndipo m'bale wake Louisiana pine snake, Pituophis ruthveni, anaikidwa mu 2018. Ameneyu ndiye wosowa kwambiri, amaikira mazira 3 mpaka 5 okha, koma akuluakulu kuposa a njoka ina iliyonse ya ku United States, dzira limodzi kutalika masentimita pafupifupi 12, ndiye kuchulukana kwake nkochedwa. Pano akumaziswetsa ku malo osungira nyama ngati Memphis Zoo nkukazitulutsa ku Kisatchie National Forest, ndipo a zankhalango kumeneko amayatsa dala moto mwadongosolo kuti udzu ubwerere. Magalimoto nawo amazipha zambiri pa msewu poti ndi zazitali komanso sizifulumira kuwoloka.

Chonde wina asamve ngati ndikuti kayatseni Chikangawa. Ndaona ndi maso anga kompatimenti yopsa, zimapweteka.

Za mphiri pansi pa matabwa sizodabwitsa, malo odulidwa kale amene mwamera udzu ndi mmene muli mbewa zambiri, kuonjezera nyenyeswa za nsima za anyamata ocheka, ndiye mulu wa matabwa umene wakhala masabata angapo ndi nyumba yabwino kwa mbewa ndi kwa wodya mbewa yemwe.

Nesi_wa_Masasa

Ine za ku America ndasiyira anzangawa, ndingoonjezera za kuno chifukwa anthu olumidwa ndimawaona. Bambo, mwana wanuyo mumuuze kuti ngozi siili pa mphiri yekha. Pali kanjoka kena kakuda kowala, kowonda, kamutu kakang'ono ngati kopanda vuto, kamakhala pansi pa nthaka nkumatuluka mvula ikagwa makamaka usiku, amati stiletto snake. Anthu amakatola poganiza kuti ndi kanjoka kosaona kaja, ena amakagwira kumbuyo kwa mutu monga amaonera m'mavidiyo, osadziwa kuti ikako mano ake amatulukira cham'mbali pakamwa pali potseka, kamangopotoza mutu nkukubaya chala. Ululu wake umatupitsa ndi kuwoletsa mnofu, ena chala chimaduka, ndipo mankhwala a jakisoni a ululu wa njoka amene alipo sagwira pa kameneka. Ndiye mfundo yoti njoka yokumba pansi ya mutu waung'ono ilibe ululu, kuno isagwiritsidwe ntchito.

Wina akalumidwa ku tchireko, musacheke ndi lezala, musayamwe, musamange lamba kapena chingwe cha mphira, makamaka pa mphiri kumanga kumaonjezera kuwola. Muvuleni mphete, wotchi ndi nsapato kutupa kusanayambe, asayende wapansi ngati pali njira, mukwezeni mu lole yomweyo ya matabwayo mubwere naye kuchipatala. Musataye nthawi kusaka njoka kuti muiphe, ngati wina waijambula pa foni ali patali zakwana. Ndipo anyamata anuwo agulireni magambutsi ndi magolovesi bambo, munthu akukweza matabwa ku tchire atavala silipasi zoona?

Kabaza_wa_Zolozolo

Anesi atembenuza mlandu, tsopano wozengedwa ndi bwana kkkkk

Wamatabwa_Chibavi

Yewo chomene nonse, ndamva. Anesi mwandigwira pakhosi, magambutsi ndinagula chaka chatha mapeya anayi koma awiri anagulitsa okha anyamatawo, ndigulanso basi ndidzingowasunga ine mu lole. Ndawauzanso kuti thabwa la pansi adziyamba alitukula ndi mtengo wautali, litsegukire mbali ya kutali ndi miyendo.

Mwanayo ndamupatsa foni wawerenga zonse, poyamba amakana akuti mawanga ndi omwewo, ndiye ndamufunsa kuti iwe unaliko? Wangoti zii. Pano wasiya za kugwira, wagwiritsa nkhani ya mazira ija, akufunsa ngati aphunzitsi a ku Katoto angamuuze kuti yaikazi ikamakumba ngalande yotalika chonchija mchenga sumaigwera bwanji. Bandulo yanga yatha ndi mavidiyo a njoka sabata ino.

Mphunzitsi_Katoto

Mumuuze kuti mchenga wouma wokhawokha ndi wa pamwamba, pansi pang'ono umakhala wachinyezi ndiye umagwirana, komanso zimakonda kukumba pamene pali timizu ta udzu wapatalipatali togwira dothi. Akafuna kuona yekha akayese ndi supuni pa mulu wa mchenga wa omanga nyumba m'mawa kusanatenthe. Koma ayambe wayang'ana kaye ngati pa mulupo palibe mwini wake.